Phala la mwana ndi la wodwala: kusankha ufa, mapaketi ndi yogati

Nkhani yathu lero ndi ya chakudya cha anthu amene sangathe kudzisankhira okha: mwana wamng'ono, nkhalamba, ndi wodwala amene ali chigonere. Munthu wa mphamvu zake akapanda kukhuta kunyumba amakapeza china panjira. Koma anthu atatuwa amadya chokhacho chimene inu mwawapatsa.

Tikambirana zinthu zitatu zimene timagula kapena kukonza kawirikawiri: ufa wa phala, phala la m'mapaketi la m'sitolo, ndi yogati. Pa chilichonse mwa zitatuzi ndikukupemphani kuti muzifunsa mafunso awiri. Loyamba: muno mwachotsedwa chiyani? Lachiwiri: muno mwawonjezedwa chiyani? Mafunso awiriwa mukawagwira, simunamizidwa ndi kuyera kwa ufa, kukongola kwa paketi kapena kutsekemera kwa pakamwa.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika

Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'dziko lathu la Mozambique mu 2022 ndi 2023 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo ndi waufupi poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha. Mwana wotere amadwaladwala, ndipo akayamba sukulu amavutika kugwira zimene akuphunzira. Vutoli limayamba mwana akadali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka ziwiri. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Ana ambiri opinimbira sagona ndi njala ayi. Amadya tsiku lililonse, koma amadya phala lamadzimadzi la ufa woyera lothira shuga. Mimba ya mwana wa miyezi 8 kapena 9 ndi yaing'ono, siposa kapu imodzi ya tiyi. Mukaidzaza ndi madzi ndi shuga, malo a chakudya chomanga thupi palibenso. Mwana wakhuta, wasiya kulira, koma thupi lake silinalandire kanthu. N'chimodzimodzi ndi wodwala amene amangodya masipuni asanu n'kukankha mbale. Masipuni asanuwo ayenera kukhala ndi chakudya chenicheni.

Tisanapitirire, kumbukirani ichi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, limene kuno timalitcha OMS, pamodzi ndi Unduna wathu wa Zaumoyo, amati mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6, osampatsa madzi, phala kapena mkaka wina. Zonse zimene ndikunenazi zimayamba mwana akakwanitsa miyezi 6, ndipo bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Ufa: muno mwachotsedwa chiyani?

Tengani njere imodzi ya chimanga muiyang'ane. Kunja kuli khungu. M'kati muli mbali yaikulu yoyera. Kumunsi kuli kamtima kakang'ono, kamene kamamera tikadzala. Mbali yoyerayo imapatsa makamaka mphamvu. Mafuta, mavitamini ndi mchere wa m'thupi monga ayironi wowonjezera magazi ndi zinki wothandiza kukula, zambiri zili m'kamtima ndi m'khungu.

Tsopano taganizirani mmene timakonzera ufa woyera. Timakonola, timapeta, gaga n'kupita kwa nkhumba ndi nkhuku. Mphale timaiviika masiku angapo, kenako timaitsuka, madzi n'kutaya. Pofika kuchigayo, khungu lapita, kamtima kapita, ndipo zina zabwino zatsukidwa ndi madzi. N'chifukwa chake nkhumba yodya gaga imanenepa pamene mwana wodya phala la ufa woyera akuonda.

Ufa wa mgaiwa ndi chimanga chathunthu, palibe chimene chachotsedwa. Ndikudziwa kuti ena amati mgaiwa ndi ufa wa nthawi ya njala, ndipo amachita manyazi kuuphika pakabwera alendo. Nsima ya alendo phikani mmene mukufunira. Koma phala la mwana ndi la wodwala likhale la mgaiwa. Ngati mwana ndi wamng'ono, sefani ufawo ndi sefa ya timabowo ting'onoting'ono ndipo phikani phalalo mpaka lipse bwinobwino. Mgaiwa suchedwa kusasa chifukwa cha mafuta ake, choncho gayitsani pang'onopang'ono, wokwanira masabata awiri kapena atatu, ndipo sungani m'chidebe chouma chovundikira.

Musaiwalenso mbewu za makolo athu. Mawere ali ndi kashiamu wambiri, amene amalimbitsa mafupa ndi mano. Mapira ndi mchewere nazonso timagaya zathunthu, ndipo zimapirira chilala kuposa chimanga. Inu a ku Tsangano amene mumalima tirigu, tirigu wogaya wathunthu amaposa ufa woyera wa buledi wa m'sitolo. Mpunga wosinja pamtondo umene watsala ndi kakhungu kofiirira umaposa mpunga woyera mbee wa kumakina. Mukhoza kusakaniza mbewuzi ndi chimanga popita kuchigayo.

Chenjezo lalikulu ndi la chuku. Chimanga kapena mtedza zikasungidwa zisanaume bwino zimachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amaononga chiwindi, ndipo satha ndi kuphika kapena kukazinga. Musanagayitse, khalani pansi ndi lichero musankhe. Njere zowola, zofumbwa, zosintha mtundu ndi mtedza wonyala kapena wowawa, tayani. M'makomo ena mtedza wabwino umapita kumsika, wotsalira woipawo ndi umene amasinjira mwana. Chonde tisinthe zimenezi. Mtedza wa phala la mwana usankhidwe poyamba, wogulitsa pambuyo.

Chimanga chokha sichikwanira

Ngakhale mgaiwa uli wabwino, pawokha sukwanira. Agogo athu ambiri akukumbukira nthawi ya nkhondo pamene anathawira ku Malawi. Mu 1990 mtedza unasowa pa chakudya chimene othawa nkhondo ankalandira, anthu n'kumadalira chimanga. Anthu oposa 18,000 anadwala matenda otchedwa pelagra. Khungu limada ndi kusupuka m'malo amene dzuwa limawomba, monga m'khosi, m'manja ndi m'mapazi, munthu amatsegula m'mimba, ndipo matenda akakula mutu umasokonezeka. Matendawa anaonekanso ku Sofala mu 2019, chimphepo cha Idai chitaononga minda. Amabwera chifukwa thupi limalephera kupeza vitamini wina wofunika kuchokera m'chimanga. Vitamini ameneyu amapezeka mu mtedza, nyemba, nsomba ndi nyama.

Choncho funso lachiwiri lija, lakuti mwawonjezedwa chiyani, lili ndi mbali yabwino. Inuyo ndi amene muwonjezere zabwino m'phala. Njira yosavuta ndi iyi: makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya wokazinga, gayitsani pamodzi. Umu ndi mmene Likuni Phala wodziwika uja wa ku Malawi amapangidwira, chimanga ndi soya. Soya ayenera kukazingidwa kaye mpaka fungo lauwisi lithe, chifukwa soya wosapsa amavuta kugayika m'mimba. Ngati soya mulibe, thirani supuni imodzi kapena ziwiri za nsinjiro m'mbale ya phala. Tsiku lina swerani dzira m'phala likadali pamoto ndi kutakasa mpaka lipse. Tsiku lina thirani ufa wa usipa kapena matemba osinja bwino ndi kusefa. Tsiku lina phwanyiranimo dzungu, mbatata yofiira m'kati, kapena masamba a nkhwani ndi bonongwe ophika ndi kusinja. Kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira kamawonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba.

Kulimba kwa phala nakonso n'kofunika. Tapani phala ndi supuni, muipendeketse. Likayenderera ngati madzi, ndiye kuti lachepa ufa. Liyenera kukakamira pasupuni n'kumagwa pang'onopang'ono.

Nanga kangati patsiku? Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu, kuyamba ndi masipuni awiri kapena atatu, n'kumawonjezera mpaka theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse. Wa miyezi 12 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi, pafupifupi kapu yodzaza, ndipo pakati mumpatse nthochi, papaya, mango kapena mbatata. Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. Tiyi musampatse pa nthawi ya chakudya, chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Zipatso monga malambe, magwafa ndi malalanje ndi zimene zimathandiza ayironi kulowa.

Ufa ndi phala la m'mapaketi

Masiku ano m'misika ya ku Ulónguè, Calómuè, Zóbuè ndi Milange mwadzaza mapaketi. Ena ndi a kuno, ena achokera ku Malawi, ena ku South Africa. Si onse oipa ndipo si onse abwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha mwana wonenepa kutsogolo kwa paketi sichikuuzani kanthu. Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Ngati kuwerenga kumakuvutani, tengani mwana wa sukulu akuwerengereni, palibe chamanyazi.

Choyamba, funani pamene alemba kuti ingredientes, kapena ingredients pa katundu wolembedwa m'Chingerezi. Pamenepo amalemba zonse zimene zili m'katimo, ndipo amayamba ndi chimene chachuluka kwambiri, n'kumatsika. Ngati shuga ali poyamba kapena pachiwiri, paketiyo ibwezeni. Pa Chipwitikizi shuga amalembedwa açúcar, pa Chingerezi sugar. Amabisalanso m'mayina ena monga sacarose, glicose, xarope ndi syrup. Mukaona mawu akuti integral kapena whole grain pa mbewu yoyambayo, ndiye kuti anagaya njere yathunthu ngati mgaiwa wathu.

Chachiwiri, funani kabokosi ka manambala, pamzere wa açúcares kapena sugars, pansi pa 100 g. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula shuga wokwana magalamu 4. Ndiye ngati paketi yalemba 20 g pa 100 g, gawani 20 ndi 4, mupeza masipuni 5 a shuga. Mukakhala ndi mapaketi awiri m'manja, yerekezani mzere womwewo, mutenge ya nambala yaing'ono. Yerekezani nthawi zonse pa 100 g, chifukwa makampani ena amalembanso nambala ya kagawo kakang'ono kuti shuga aoneke wochepa.

OMS imati ngakhale munthu wamkulu asapitirire masipuni aang'ono 12 a shuga patsiku, ndipo ndi bwino koposa akalekera pa 6. Kwa mwana wosakwana zaka ziwiri langizo ndi lakuti musamuthirire shuga m'chakudya ndipo musampatse zakumwa zotsekemera. Shuga amaboola mano, amatseka njala, ndipo mwana akazolowera amayamba kukana phala la nsinjiro ndi ndiwo. Mukafuna kuti phala likome, phwanyiranimo nthochi yakupsa. Uchi musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo timene mimba ya khanda siingalimbane nato.

Chachitatu, onani tsiku lothera ntchito. Amalemba validade, consumir antes de, kapena best before. Paketi yopitirira tsiku, yobooka, yonyowa kapena imene ufa wake waumbika m'kati, isiyeni ngakhale atsitse mtengo.

Pali chinthu chimodzi chabwino chimene mafakitale amawonjezera. Kuyambira mu 2016 lamulo la dziko lathu limalamula mafakitale kuthira mavitamini ndi mchere wa m'thupi mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu, vitamini A m'mafuta ophikira ndi mu shuga, ndiponso ayodini mu mchere. Mukamagula ufa wa m'sitolo, funani mawu akuti fortificado, ndipo pa mchere funani mawu akuti iodado. Dziwani kuti ufa umene mwagayitsa nokha pachigayo cha m'mudzi ulibe zowonjezerazi, n'chifukwa chake tikuti sakanizani ndi soya, mtedza, dzira ndi nsomba. Komanso vitamini A wa mu shuga asakhale chifukwa chothirira shuga wambiri. Vitamini yemweyo ali m'dzungu, mango, papaya, masamba obiriwira ndi mbatata yofiira m'kati.

Amayi ena amadandaula kuti alibe meticais zogulira phala la m'sitolo ngati anzawo a m'tauni. Musadandaule. Phala la mgaiwa, soya ndi nsinjiro lophikidwa mwaukhondo limakulitsa mwana bwinobwino. Ndalama ya paketi imodzi mukhoza kugulira mazira angapo ndi kamulu ka usipa. Mabisiketi ndi tinthu tokhukhuma ta m'timapepala timapangidwa kuchokera ku tirigu kapena chimanga, koma mwachotsedwa zabwino, mwawonjezedwa mchere, shuga ndi utoto. Zimenezi si chakudya cha mwana.

Yogati ndi mkaka wowawasa

Yogati ndi mkaka umene wawawasitsidwa ndi tizilombo tabwino. Uli ndi zomanga thupi ndi kashiamu ngati mkaka wamba, ndipo anthu ena amene mkaka wamba umawatupitsa mimba amatha kudya yogati popanda vuto. Mwana akhoza kuyamba kudya yogati akakwanitsa miyezi 6, ngati chakudya chowonjezera, osati cholowa m'malo mwa bere. Ndi wabwinonso kwa nkhalamba yopanda mano ndi kwa wodwala amene ali ndi zilonda m'kamwa, chifukwa ndi wofewa ndi wosavuta kumeza.

Koma si chilichonse chokhala m'kabotolo koyera chimene chili yogati. Funani mawu akuti iogurte natural, kapena plain yoghurt. Pa ingredientes payenera kukhala mkaka ndi tizilombo towawasitsa basi. Yogati wotere amakhala ndi shuga wachilengedwe wa mu mkaka, magalamu 4 kapena 5 pa 100 g. Mukaona nambala yafika 12 kapena 14, dziwani kuti zopitirirazo ndi shuga wochita kuthira. Yogati wapinki kapena wachikasu wonunkhira zipatso nthawi zambiri amakhala wotere. Gulani wopanda shugayo, kunyumba muphwanyiremo nthochi, mango kapena ufa wa malambe pang'ono. Kwa mwana wamng'ono tengani wa mkaka wathunthu, osati wolembedwa magro kapena low fat, chifukwa umenewo achotsamo mafuta amene mwana akuwafuna. Chambiko, mkaka wowawasa umene ambiri mumagula kutsidya kwa malire, nawonso ndi wabwino ngati ulibe shuga. Mahewu a m'botolo, majuwisi osakaniza ndi mkaka ndi mafirizi si yogati.

Yogati amafuna kuzizira. Amene wakhala padzuwa pa benchi tsiku lonse musagule. Chivundikiro chikatupa kapena fungo likasintha, musapatse munthu. Ngati kunyumba mulibe firiji, gulani wochepa ndipo adyedwe tsiku lomwelo.

Inu amene muli ndi ng'ombe kapena mbuzi, monga ambiri a ku Angónia, mukhoza kupanga nokha. Wiritsani mkaka kaye. Musalumphe pamenepa, chifukwa mkaka wosawiritsa ukhoza kunyamula matenda ochokera ku ziweto, kuphatikizapo TB ya ng'ombe, ndipo kuwawasa kokha sikupha tizilombo tonse. Usiyeni uzizire mpaka ukhale wofunda, woti dontho lake silikuotchani pamkono. Pa lita imodzi thirani masipuni aakulu awiri a yogati wopanda shuga kapena chambiko, takasani ndi supuni yoyera, vundikirani, kulungani ndi nsalu ndi kuika pamalo ofunda maola 6 mpaka 8. Chiwiya chikhale chotsukidwa ndi sopo ndi kutsukuluzidwa ndi madzi owira.

Odwala, okalamba ndi ophikira gulu

Wodwala TB, womwa ma ARV kapena amene akuchira ku malungo amafuna chakudya chambiri pamene chilakolako chake chachepa. Mpatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, phala lomwe lija la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira kapena mkaka wowiritsa. Timakonda kutengera wodwala zakumwa zotsekemera za m'botolo pokamuona. Ndalama yomweyo igulireni mazira, nthochi kapena yogati wopanda shuga. Kwa agogo odwala matenda a shuga, mgaiwa, mapira ndi mawere zimaposa ufa woyera, ndipo shuga wothira asiye. Kwa odwala BP, chepetsani mchere.

Mwana akatsegula m'mimba musamuletse kudya. Pitirizani bere ndi phala, mpatseni madzi a SRO, ndipo pitani naye kuchipatala kapena kwa a APE a m'dera lanu kuti akalandirenso zinki.

Inu amene mumaphikira ana ku escolinha, kutchalitchi, kumzikiti kapena m'magulu a amayi, muli ndi ana ambiri m'manja mwanu. Makolo akamasonkha, apempheni asonkhe soya, mtedza ndi nyemba, osati chimanga ndi shuga zokha. Sankhani mbewu musanagayitse. Sambani m'manja ndi sopo, ana nawonso asambe. Phala lidyedwe likadali lofunda, ndipo lotsala lisasungidwire mawa.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Chakudya chabwino chimateteza, koma pali nthawi imene pamafunika achipatala. Pitani ndi mwana kusikelo monga akuuzirani, ndipo yang'anani mzere wa pakhadi lake. Ukasiya kukwera kapena ukayamba kutsika, funsani anamwino tsiku lomwelo. Mukaona mapazi onse awiri atupa, tsitsi lafiira ndi kupepuka, mwana waonda kwambiri kapena akukaniratu kudya ndi kuyamwa, musadikire. Pitani ku Centro de Saúde. Chiponde chimene amapereka kumeneko ndi mankhwala a mwana wodwalayo, musagawire abale ake ndipo musagulitse.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Nthawi zambiri ndinu amene mumanyamula thumba kupita kuchigayo, ndiponso ndinu amene mumagamula kuti soya ndi mtedza zigulitsidwe zingati. Musanagulitse, patulani za ana ndi za odwala zokwanira mpaka kukolola kwina. Agogo aakazi, mawu anu amamveka pakhomo. Mukanena kuti phala la mdzukulu likhale la mgaiwa ndi nsinjiro, palibe amene angatsutse.

Mawa mukaima pachigayo kapena pasitolo, funsani mafunso awiri aja: muno mwachotsedwa chiyani, muno mwawonjezedwa chiyani? Mukakhala ndi funso lina, fikani kwa a APE kapena kwa ife ma activista a m'mudzi mwanu, ndipo kapepala kano muwerengereko anansi anu.